Masekondi 25 pa phiri la mitumbira: ulendo wa Mikaël Kingsbury

Mu Febuluwale 2002, masewera a Olimpiki a m'nyengo yozizira ali mkati mumzinda wa Salt Lake City ku America, mnyamata wina wa zaka 9 wa m'chigawo cha Quebec ku Canada anatenga pepala lokhala ndi mphete zisanu za Olimpiki, nalembapo mawu a Chifalansa akuti "Je vais gagner", kutanthauza kuti "ndidzapambana", ndipo analimata pamwamba pa bedi lake. Mnyamatayo anali Mikaël Kingsbury, ndipo panadutsa zaka 16 kuti mawu a papepala aja apherezeke. Nkhani ya pepalali imakambidwa kawirikawiri chifukwa ndi yokoma kumva, koma imasocheretsa pang'ono, popeza imachititsa anthu kuganiza kuti moyo wonse wa munthuyu unathera pa kusaka mendulo imodzi ya golide. Ukulu wake weniweni uli pena, pa chinthu chimene sichioneka msanga kwa munthu amene sanamvetse mmene masewerawa amayendera ndiponso mmene oweruza amagawira mapointi.

Masewera ake amatchedwa moguls, ndipo ndi nthambi imodzi ya masewera otsetsereka pa chipale chofewa m'mapiri. Wosewera amavala nsapato zolimba zimene zimakanirira pa timatabwa tiwiri tatitali totchedwa maski, ndipo dzanja lililonse limagwira ndodo. Dzina loti moguls linachokera ku mawu akuti Mugel, a Chijeremani cholankhulidwa ku Bavaria ndi ku Austria, otanthauza kachitunda. Pa phiri limene anthu ambiri amatsetserekapo, aliyense akamakhota amakankhira chipale pambali, wobwera pambuyo pake n'kukhotera pomwepo, mpaka malo otsetsereka aja amadzaza ndi milu yolimba yondandalikana ngati mitumbira ya mbatata m'dimba. Anthu ambiri otsetsereka mongosangalala amailambalala mitumbira imeneyi chifukwa imapweteka mawondo ndi msana, koma ena anaona kuti m'menemo ndi mmene luso la munthu limaonekera, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kuiumba dala kuti azipikisanapo.

Bwalo la mpikisano limakhala lalitali mamita 200 kufika 270, lopendekeka pafupifupi madigiri 28, ndipo mitumbira imatalikirana mamita atatu ndi theka kapena chapomwepo. Pabwalopo pamakhala zodumphira ziwiri, china chakumtunda china chakumunsi, zimene zimagawa ulendowo m'zigawo zitatu, ndipo chigawo chapakati ndicho chachitali kwambiri. Mwamuna wodziwa amatsika bwalo lonse m'masekondi pafupifupi 25, liwiro lake likumafika mamita 10 pa sekondi imodzi, zimene zikutanthauza kuti amakumana ndi mitumbira itatu pa sekondi iliyonse. Munthu akamaonera pa kanema koyamba amangoona chipwirikiti, chipale chikuuluka uku ndi uku, mawondo akukwera mpaka pachifuwa n'kutsikanso mofulumira kwambiri moti diso silitha kuwerenga. Koma akayang'anitsitsa mutu ndi mapewa a katswiri amapeza kuti sizikugwedezeka, zikungotsika molunjika ngati za mayi amene wasenza ndowa yodzaza madzi potsika chitunda cha miyala, miyendo ikulimbana ndi njira koma madzi osakhavukira. Nkhope imaloza kumunsi kwa phiri nthawi zonse, manja ali kutsogolo, nsonga ya ndodo ikungogunda pang'ono pa mtumbira uliwonse, ndipo mawondo awiriwo ali ogundana ngati amangidwa ndi chingwe.

Oweruza amakhala 7. Asanu amayang'ana kakhotedwe kokha, ndipo pa mapointi amene asanuwa apereka, okwera kwambiri ndi otsika kwambiri amatayidwa kuti woweruza mmodzi wokondera kapena wouma mtima asasokoneze zotsatira. Awiri otsalawo amaweruza kudumpha, ndipo mapointi awo amachulukitsidwa ndi nambala yosonyeza kuvuta kwa mtundu wa kudumphako, kotero kuti chipidigori chovuta chochitidwa mosalongosoka chikhoza kugonja kwa chosavuta chochitidwa mwaukhondo. Malamulo amafunanso kuti kudumpha kwachiwiri kukhale kosiyana ndi koyamba. Liwiro lokha ndilo silidalira diso la munthu, chifukwa limayezedwa ndi wotchi. Pa mapointi 100 onse, 60 ndi a kakhotedwe, 20 a kudumpha, 20 a liwiro. Mpaka mu 2014 kakhotedwe kankatenga theka lokha, kudumpha ndi liwiro n'kugawana theka linalo, ndipo kusintha kumene kunabwera pambuyo pake kunali kunena poyera kuti mtima wa masewerawa uli m'mitumbira osati m'malere. N'chifukwa chake mathalauza a osewera amakhala ndi zigamba za mtundu wina pamawondo, zoyera pa nsalu yakuda kapena zakuda pa yoyera: zimakokera maso a oweruza pa mawondo, ndipo wosewera amene mawondo ake alekana ngakhale kamodzi amakhala wadziulula yekha.

Masewerawa si akale. Anayambira ku America m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 monga chionetsero cha achinyamata otopa ndi malamulo a mipikisano ya liwiro, ndipo bungwe la FIS, limene limayendetsa masewera otsetsereka pa chipale padziko lonse, linawavomereza mu 1979 n'kuyambitsa mipikisano ya World Cup chaka chotsatira. Ku Olimpiki ya ku Calgary mu 1988 anangoonetsedwa popanda mamendulo ovomerezeka, ndipo mendulo yoyamba ya golide ya amuna inapita kwa Edgar Grospiron wa ku France pa Olimpiki ya ku Albertville mu 1992. Patangotha miyezi isanu, pa 24 Julaye 1992, Kingsbury anabadwa ku Sainte-Agathe-des-Monts, ndipo anakulira ku Deux-Montagnes kufupi ndi mzinda wa Montreal. Kingsbury ali ndi chaka chimodzi ndi theka, Jean-Luc Brassard, mwana wa Quebec yemweyo, anapata golide ku Lillehammer mu 1994, ndipo kupambana kumeneku kunatsegula njira imene ana ambiri a m'chigawochi anaitsata. Quebec ilibe mapiri aatali ngati a kumadzulo kwa Canada, koma masewera amene bwalo lake silifika mamita 300 safuna phiri lalitali. Amafuna nyengo yozizira yaitali, makalabu a ana ndi makochi odziwa, ndipo zonsezi chigawochi chili nazo. Kingsbury anaphunzirira pa phiri laling'ono la Saint-Sauveur, ndipo anayamba kulowa m'mitumbira ali ndi zaka 8.

Olimpiki ya 2002 imene inamuchititsa kulemba pepala lija inalinso posinthira zinthu. Panthawiyo malamulo ankaletsa kudumpha kozondoka, mapazi kupitirira mutu, ndipo Jonny Moseley wa ku America, amene anapambana ku Nagano mu 1998, anabwera ndi kadumphidwe kozungulira chammbali kamene kanali m'malire enieni a lamulolo. Anathera pa nambala 4, golide n'kupita kwa Janne Lahtela wa ku Finland, koma pasanapite nthawi yaitali FIS inachotsa chiletsocho. Choncho Kingsbury ali m'gulu loyamba la osewera amene anakula akudziwa kuti kakhotedwe kabwino pakokha sikadzakwanira, ayeneranso kutha kutembenuzika m'malere. Luso limeneli siliphunziridwa pa chipale. M'miyezi yotentha osewera amayamba pa trampoline, chinsalu chokungidwa chimene chimamuponya munthu m'mwamba akadumphirapo, kenako amapita ku malo ngati a ku Lac-Beauport kufupi ndi mzinda wa Quebec, kumene amavala maski, chipewa cholimba ndi chovala choyandamitsa, n'kutsetsereka pa chitunda chokutidwa ndi pulasitiki wonyowa, n'kudumphira m'dziwe. Akavuuka amakwera masitepe atasenza maski onyowa, n'kubwerezanso, tsiku ndi tsiku, mpaka kochi atakhutira kuti kadumphidweko kakhazikika m'thupi moti kakhoza kuyesedwa pa chipale cholimba popanda munthu kuthyoka khosi.

Kingsbury analowa mu World Cup ali ndi zaka 17, ndipo anapambana koyamba mu Disembala 2010 ku Beida Lake m'dziko la China ali ndi zaka 18. World Cup ya masewerawa si mpikisano umodzi ngati ya mpira wamiyendo, koma mndandanda wa mipikisano imene imayamba mu Disembala n'kutha mu Malichi, osewera akuyendayenda kuchokera ku Ruka m'dziko la Finland kupita ku Deer Valley ku America, ku Calgary, ku Tazawako m'dziko la Japan ndi malo ena. Wopambana pa mpikisano uliwonse amalandira mapointi 100, wachiwiri 80, wachitatu 60, ndipo amene wasonkhanitsa ochuluka pakutha pa nyengo amapatsidwa chikho cha galasi choumbidwa ngati dziko, chotchedwa Crystal Globe. Kingsbury anachitenga koyamba mu 2012 ali ndi zaka 19, ndipo sanachitaye kwa zaka 9 zotsatizana mpaka mu 2020. M'zaka zonsezo ankatenga zikho ziwiri pa nyengo, cha masewera a mitumbira ndi chachikulu chimene chinkaperekedwa kwa wopambana pa nthambi zonse za masewera a freestyle, gulu la masewera a pa maski limene moguls ndi nthambi yake imodzi.

Ku Sochi mu 2014 anapita ali kale mwini wa zikho za nyengo ziwiri ndiponso wa golide wa mpikisano wa akatswiri a dziko lonse umene unachitikira ku Voss m'dziko la Norway mu 2013. Koma m'timu ya Canada momwemo munali Alexandre Bilodeau, amene mu 2010 ku Vancouver anakhala munthu woyamba wa ku Canada kupata golide wa Olimpiki pa nthaka ya kwawo. Usiku wa fainolo Bilodeau anatsika mopanda banga n'kupeza 26.31 pa mapointi 30 a nthawi imeneyo, pamene Kingsbury anapeza 24.71 n'kutenga siliva. Bilodeau anapuma pa masewera nyengo itatha, ndipo bwalo linatsala m'manja mwa wamng'onoyo.

Zimene zinachitika m'zaka zinayi zotsatira ndizo ndimaziona kuti ndi pachimake pa nkhani yonseyi, ngakhale kuti sizikumbukiridwa ngati mausiku a Olimpiki. Mu Disembala 2015 ku Ruka anapambana kachi 29, kuposa Grospiron amene anali atapambana ka 28 ndipo kwa zaka 20 panalibe mwamuna womufikira. Kenako kuyambira mu Januwale 2017 mpaka mu Januwale 2018 anapambana mipikisano 13 ya World Cup yotsatizana. Kuti munthu amvetse kulemera kwa nambala imeneyi ayenera kukumbukira kuti palibe mabwalo awiri ofanana. Ku Ruka kumakhala mdima ndi kuzizira koopsa, chipale chili gwa ngati konkire. Kwina dzuwa limachifewetsa mpaka mitumbira imakumbika pamene osewera akudutsapo, moti bwalo limene munthu anayesererapo m'mawa limakhala lina pofika madzulo. Pa mpikisano uliwonse ayenera kutsika kawiri, katatu kapena kuposerapo, ndipo pa ulendo uliwonse pali mitumbira yambirimbiri imene umodzi wokha ukhoza kumuponya kumbali, pali kutera kuwiri kumene ayenera kulowa nako m'mitumbira nthawi yomweyo popanda popumira. Osewera ambiri apamwamba akhoza kutsika ulendo umodzi wodabwitsa pa nyengo. Chimene chinasiyanitsa Kingsbury n'chakuti ulendo wake wa tsiku loipa unali wokwanira kumuika pa atatu oyamba, ndipo ankadziwa kuwerenga mpikisano, kusunga kadumphidwe kovuta kwambiri mpaka pamene kafunikira, osawononga mphamvu pofuna kutsogola m'magawo oyambirira. Nzeru imeneyi sikopa maso a woonera, koma ndi imene imadzaza shelefu ndi zikho.

Sikuti analibe womuvutitsa. Pa mpikisano wa akatswiri a dziko lonse ku Sierra Nevada m'dziko la Spain mu Malichi 2017, mnyamata wa zaka 19 wa ku Japan, Ikuma Horishima, anatenga golide pa mipikisano yonse iwiri, wotsika mmodzimmodzi ndi wotsika awiriawiri, Kingsbury n'kungopeza buronzi imodzi. Horishima yemweyo ndiye anadula mndandanda wa 13 uja ku Mont-Tremblant m'chigawo cha Quebec, pakhomo penipeni pa Kingsbury, kutangotsala milungu itatu kuti Olimpiki ya ku PyeongChang iyambe.

Olimpiki ili ndi nkhanza yakeyake pa masewerawa. Fainolo ya 2018 inali ndi magawo atatu: osewera 20 anatsika, n'kutsala 12, kenako 6, ndipo pa gawo lililonse mapointi ankayambiranso pa ziro. Zonse zimene munthu wachita m'zaka zinayi, ngakhale zimene wachita mphindi makumi awiri zapitazo, sizimuthandiza kanthu pamene waima pamwamba pa phiri komaliza. Pa 12 Febuluwale 2018, pa bwalo la Phoenix Park ku South Korea, Kingsbury sanatsogole m'magawo awiri oyamba a fainolo, koma pa gawo lomaliza anatsika ulendo wake wabwino koposa wa usikuwo n'kupeza 86.63. Matt Graham wa ku Australia anatenga siliva, ndipo Daichi Hara wa ku Japan, amene anatsika pomalizira, anatenga buronzi. Kumapeto kwa chaka chimenecho atolankhani a ku Canada anamusankha kukhala katswiri wa chaka wa dziko lonselo n'kumupatsa chikho cha Lou Marsh, ulemu umene kawirikawiri umagwera osewera hockey ndi masewera ena otchuka.

Pa 29 Novembala 2020, akuyeserera ku Ruka nyengo isanatsegulidwe, anatera moipa n'kugwa, ndipo mafupa awiri a msana wa pakati pa mapewa, otchedwa T4 ndi T5, anathyoka. Kwa nthawi yoyamba chiyambire anaphonya mipikisano ya World Cup, ndipo popeza nyengoyo inali yaifupi kale chifukwa cha mliri wa Covid-19, chikho cha masewera a mitumbira chinapita kwa Graham. Masewerawa amadya thupi ngakhale popanda ngozi, chifukwa mtumbira uliwonse ndi nkhonya imene imalowera m'mawondo ndi m'chiuno, ndipo osewera ambiri amasiya asanafike zaka 30, mitsempha ya m'mawondo itaduka kapena msana utakana. Munthu wothyoka msana akabwerera pamwamba pa bwalo, fupa limakhala litalumikizana koma mtima umakumbukirabe kugwa kuja, ndipo wosewera woopa amatsamira kumbuyo, pamene kutsamira kumbuyo m'mitumbira ndiko kumagwetsa. Kingsbury anabwerera kumayambiriro kwa Febuluwale 2021 ku Deer Valley, patangodutsa miyezi iwiri yokha, n'kupambana mipikisano yonse iwiri, ndipo mu Malichi anatenga golide kawiri pa mpikisano wa akatswiri a dziko lonse ku Almaty m'dziko la Kazakhstan, monga anachitira ku Deer Valley mu 2019 ndiponso monga anadzachitiranso ku Bakuriani m'dziko la Georgia mu 2023.

Golide amabwera pawiri chifukwa masewerawa ali ndi mitundu iwiri. Pa mtundu woyamba munthu amatsika yekha n'kupatsidwa mapointi monga tafotokozera. Pa wachiwiri, wotchedwa dual moguls, anthu awiri amatsika limodzi moyandikana, wina mbali yofiira wina yabuluu, oweruza n'kugawa mavoti pakati pawo, ndipo wogonja amatuluka mumpikisano. Apa wosewera amamva phokoso la maski a mnzake pambali pake, ndipo ambiri amakopeka kuwonjezera liwiro kuposa mmene miyendo yawo ingathere, n'kuthera pansi. Mtundu umenewu unakhala kunja kwa Olimpiki kwa zaka zambiri, zimene zikutanthauza kuti theka la luso la Kingsbury linalibe mendulo ya Olimpiki yoti n'kulipimira.

Pa Olimpiki ya ku Beijing, pa 5 Febuluwale 2022 m'mapiri a ku Zhangjiakou, anatsika bwino pa gawo lomaliza n'kupeza 82.18, ndipo panatsala munthu mmodzi pamwamba, Walter Wallberg wa ku Sweden, wa zaka 21, amene anali asanapambanepo mpikisano wa World Cup. Wallberg anatsika mwaliwiro loposa onse popanda kumwazika, napeza 83.23. Horishima anatenga buronzi. Ena anaona siliva ameneyu ngati kulephera, koma ine ndimaona kuti anangosonyeza chimene chimachitika munthu mmodzi akalamulira masewera kwa zaka khumi: achinyamata amakula akuonera makanema ake mobwerezabwereza, amaphunzira kadumphidwe kake, ndipo amazindikira kuti njira yokha yomugonjetsera ndi kuika zonse pachiswe pa ulendo umodzi. Pa nyengo yathunthu kutchova juga kotere sikupindula, chifukwa wochita zimenezi amagwa kawirikawiri, koma pa usiku umodzi wa Olimpiki kukhoza kugwira. Kingsbury anachoka ku China ali mwamuna woyamba kukhala ndi mamendulo atatu a Olimpiki pa masewera a mitumbira.

Anapitiriza mpaka kudutsa zaka 30, ndipo mu Januwale 2026 ku Val Saint-Côme, m'chigawo cha kwawo cha Quebec, anapambana World Cup kachi 100. Mwezi wotsatira, pa Olimpiki ya Milano Cortina, mipikisano ya mitumbira inachitikira ku Livigno m'dziko la Italy, ndipo pa gawo lomaliza la mpikisano wotsika mmodzimmodzi panachitika chinthu chosowa: iye ndi Cooper Woods wa ku Australia anapeza mapointi ofanana ndendende, 83.71. Lamulo limati zikatero apambane amene ali ndi mapointi ochuluka a kakhotedwe, ndipo tsiku limenelo oweruza asanu aja anali atapereka ochulukirapo kwa Woods. Munthu amene anamanga dzina lake pa mawondo ogundana ndi mapewa osagwedezeka anataya golide pa kakhotedwe komweko, n'kulandira siliva wachitatu.

Koma ku Livigno n'kumenenso dual moguls inalowa m'ndandanda wa Olimpiki kwa nthawi yoyamba. Patadutsa masiku atatu, Kingsbury, ali ndi zaka 33, anadutsa magawo onse mpaka kufika mu fainolo, ndipo amene anaima pambali pake pamwamba pa phiri anali Horishima, yemwe uja anamulanda ulemu ku Sierra Nevada ndi ku Mont-Tremblant. Kingsbury anapambana, natenga golide wachiwiri ndi mendulo yachisanu ya Olimpiki, ndipo pa nsanja yolandirira mamendulo anaima pakati pa Horishima ndi Matt Graham, anthu awiri amene anakhala akutsika nawo mabwalo omwewo kwa zaka pafupifupi khumi.